Tsiku Limene Tinakwirira Mawu a Mayi Ako

Nelita mwana wanga, anthu akamva ndikunena kuti ndinapuma ntchito amaseka. Amati munthu wopanda imvi ndi imodzi yomwe akupuma chiyani. Aseke. Khutu langa lakumanzere linafa, lakumanja muli nyenje yolira osalekeza, ndipo munthu wa nyimbo makutu akatha ndiye kuti wakalamba, ngakhale miyendo ikhale yothamanga. Ndiye ndili pano pa Nsadzo, khasu m'manja, ngati zala izi sizinagwirepo china. Dzana unandifunsa ukutsuka mbale, osandiyang'ana n'komwe: “Ababa, anzanga akuti amayi ankaimba. Nanga mawu awo ali kuti?” Ndinakukalipira kuti umalize mbalezo. Ukundidziwa, ndikasowa yankho ndimakalipa. Yankho lake ndi ili, koma kuti ulimve uyambe wadziwa ntchito imene ndinkagwira. Sukulu ndinalekera panjira, ndiye usayembekeze zokometsera.

Cassacatiza, chaka chimene ndinasiya sukulu

Ndinalekera sexta, kalasi yachisanu ndi chimodzi. Pulofesoli wina, mphunzitsi wathu, anandiomba mbama pa mlandu wa mnzanga, ine ndinabwezera ndi mpando, sukulu inathera pomwepo. Ndinalowera ku Cassacatiza, pa malire, kumene ndinapeza ntchito pa baraka yogulitsa mowa ya a Zakariya, patalawu wanga, ndiye kuti bwana, bambo wa mimba yaikulu ndi kamawu kakang'ono. Ndinkasesa, kutunga madzi, kunyamula makireti, ndipo chifukwa panalibe wina wofuna kuima pafupi ndi phokoso, anandipatsanso ntchito yoika nyimbo. Madalaivala a makamiyawu, zimagalimoto za katundu zija, ankadikira mapepala awo pa malirepo mpaka ndevu kumera, ndiye pokhalira pawo panali pathu. Lamulo la a Zakariya linali limodzi: “Nyimbo izithamanga, iwe. Munthu akavina amamva ludzu.”

Panali dalaivala wina wachikulire, aliyense ankangomutchula kuti Kota. Masana ena dzuwa likuswa mtengo anandikodola. “Mphwanga, chotsa zakozo, mutu ukundiwawa. Ika iyi.” Anandipatsa kaseti yoyezuka, zilembo zake zitafufutika. Pa baraka panali wailesi yakale ya makaseti imene tinkaikapo makandulo. Ndinaipukuta, ndinailumikiza ku makoluna, zimabokosi zotulutsa mawu zija, n'kukanikiza. Nelita, ndinali ndisanamvepo zotere. Ng'oma yake inali ngati munthu akuyenda pa mchenga wopanda nsapato. Tekilado, limba lamagetsi lija, silinkadumphadumpha ngati la ku maukwati, linkangoyala mawu ngati nkhungu ya m'dambo. Gitala osafulumira. Kenako lipenga lokhota lija, sakisofoni, n'kulowa ngati likupepesa. Woimbayo sankakuwa, ankanong'oneza munthu amene ali naye pa mphasa imodzi. Chingerezi chake sindinamve ndi liwu limodzi lomwe, koma mtima wanga, umene unkangokhala uli pa moto chibadwire, unakhala pansi.

A Zakariya anatulukira kuseri akupukuta manja. “Wamwalira ndani?”

“Palibe, patalawu. A Kota apempha.”

“Nyimbo izi munthu amamwa botolo limodzi n'kuyamba kuganiza za mkazi wake. Ukufuna kundigwetsera baraka? Chotsa!”

Kota anaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lonyamuka anandisiyira bokosi la nsapato lodzaza makaseti. “Galimoto andipatsa yatsopanoyi ilibe polowetsa. Ana anga akuti ndi nyimbo za nkhalamba. Tenga, mwina iwe unabadwa wokalamba.” Sindinamuonenso.

Pa malire paja netiweki imagwira bwino kuposa kwina konse kuno. Nditapeza foni yangayanga, ndinayamba kufufuza nyimbo za mtundu umenewu, ndikuganiza kuti oimba ake onse anafa kalekale. Zimene ndinapeza zinandiimitsa mutu. Kunja kuli anyamata ndi atsikana a msinkhu wanga, opanda kampani, opanda bwana, akujambulira m'zipinda zawo zogona, akuukitsa mawu omwe aja a m'makaseti a Kota: matekilado akale, ng'oma zofewa, mawu otsika. Ena ankachita kugula zida zodula kuti nyimbo imveke yakale, ikhale ndi kampweya ka kaseti kaja. Ndinaseka ndekha. Ife ukalamba wa zida tinali nawo waulere. Ndinati ngati iwo akutha m'chipinda chogona, ine ndidzatha m'Chinyanja. Loweruka lina baraka itadzaza ndinaika kaseti ya Kota dala, kuti ndione nkhope za anthu. A Zakariya anazula chingwe, ine ndinamenyetsa kireti ya mabotolo kukhoma. Ntchito yoyamba inatha choncho.

Chifunde, kwa dona Marita

Ku Chifunde ndinalowa kwa dona Marita, mayi amene anali ndi zida zobwereketsa pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano. Anali bwana wabwino kuposa a Zakariya, sankanyoza munthu pagulu, koma chatsopano sankagula chakale chisanafe kawiri. Zingwe zathu zinali zazifupi, zolumikizalumikiza ndi mapulasitiki a shuga. Chifukwa cha kufupika kwa zingwezo, tebulo langa linkakhala pakamwa penipeni pa makoluna, ndipo ndinkaima pamenepo kuyambira mkwatibwi akulowa mpaka womaliza kuledzera atagwa. Ndikadandaula ankati, “Filyu, mwana wanga, makutu ndi ako, chingwe ndi changa. Ika thonje.” Thonje silinathandize. Zida tinkanyamula pa ngolo, pa njinga, nthawi zina pamutu powoloka mitsinje. Mafuta a jenereta ankatha pakati pa gule, anthu n'kumatukwana ine ngati ndawamwa ndine. Ndinamenyana ndi akuchimuna pa maukwati angapo. Dona Marita ankangopukusa mutu: “Iwe dzina lako si Domingo, ndiwe Moto.” Dzinalo linandikanirira.

M'chipinda chawo chosungira katundu ndinapeza tekilado yakale imene inachokera ku mishoni, mabatani ena atafa, mkati muli mudzi wa mphemvu. Anati nditenge ndisanawadzazire nyumba ndi tizilombo. Ndinaitsegula, ndinaitsuka ndi kachasu, ndinalumikiza tiwaya. Itayaka, ndinakanikiza zala zitatu pamodzi, ndipo nkhungu ija ya m'kaseti ya Kota inatuluka m'manja mwanga. Palibe anandiphunzitsa kuiimba. Ndinkayatsa kaseti, kuimitsa, kusaka ndi chala, kubwezanso, mpaka tepi kutafunika. Kenako ndinapeza kompyuta yakale ya m'manja, yosweka pakona, ndi kuphunzira kujambula chida chilichonse pa mzere wakewake: ng'oma payokha, gitala payekha, mawu paokha. Ugwire zimenezi, mwana wanga, ndi zofunika kutsogoloku. Mzere wa mawu unkakhala wopanda kanthu. Ine ndikaimba, agalu amadzuka.

Mayi ako ndinawapeza pa ukwati wina kuno ku Nsadzo. Jenereta inazima monga mwa masiku onse, amayi anayamba kuimba ndi m'manja kuti mwambo usafe. Ukudziwa mmene amayi a kwathu amaimbira, mokweza, mobaya, kuti a kutsidya amve. Koma pansi pa mawu onsewo panali ena otsika, okhala ngati ali ndi kachimfine, osapikisana ndi munthu. Ndinasiya jenereta n'kuyamba kuwasaka ngati nkhuku yotayika. Anali mtsikana wonyamula beseni la mbale, dzina lake Rozalina.

“Mana, achemwali, mawu anuwo mumawagwiritsa ntchito yanji?”

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. “Kuitanira mbuzi. Inu ndinu mwagonthetsa agogo anga lero?”

“Ndikunena zoona. Mumaimba kwaya?”

“Anandiika kumbuyo. Akuti ndimaimba ngati ndikubisa chinthu.”

“Chimenecho ndicho ndikufuna.”

“Amuna onse amatero,” anatero, n'kupitirira ndi beseni lake.

Nsadzo, zaka za chikamwini

Tinakwatirana, ndinabwera kudzakhala kwawo monga mkamwini. Kumapeto kwa sabata ndinkapitabe kukagwira ntchito kwa dona Marita, masiku enawo ndinkalima munda wa apongozi n'kumajambula. Mwinimbumba, malume awo a mayi ako, anali a Sitefano omwe ukuwadziwawa, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Usawaone kufatsa lero, nthawi imeneyo anali munthu wa nthabwala. Ndiwo anandibwereka bateriya ya galimoto ndi kundithandiza kukhoma sola padenga. Mudzi wonse unkati mkamwini wa kwa a Sitefano akupanga nyimbo zogonetsa ana, zosavinika, za anthu odwala. Iwo okha ankabwera, sipanala m'manja, n'kumagwedezeka pang'onopang'ono pakhomo maso atatseka. “Iyi ndi nyimbo ya munthu wokhuta,” ankatero. “Anthu a kuno sangaimve, ali ndi njala.”

Tinkajambula masana, dzuwa lili pamutu, chifukwa ndi pamene bateriya inkadzaza, atambala atatopa, anthu ali kumunda. Situdiyo inali kanyumba kathu komwe. Makoma tinakutira ndi mabulangeti ndi matumba a chimanga, maikolofoni tinaiveka sokosi. Kutentha kwake, thukuta linkagwera pa tekilado. Mbuzi ikalira pakati pa nyimbo, tinkayambiranso, ine ndikutuluka ndi mwala. Rozalina ankaseka: “A Moto, mukufuna nyimbo yofatsa koma mwini wake mukuthamangitsa mbuzi ndi miyala. Khalani pansi, mupume, muyambe bwino.” Mawu a nyimbo ankapeka yekha akusinja kapena akuchapa. Sankaimba za magalimoto kapena za ku tauni. Ina inkati, usathamange, dzuwa likadalipo, njira ya kwathu siithawa. Ankati anapekera ine. Iwe utabadwa ankaimba uli kumbuyo, akukugwedeza motsatira ng'oma, ndipo sunkalira. Nyimbo ikatha ndinkaidutsitsa m'kaseti kenako n'kuibweza mu kompyuta, kuti itenge kufunda kuja kwa makaseti a Kota. Ukaimva, unkakhala ngati ukukumbukira chinthu chimene sichinakuchitikirepo.

Zinatitengera zaka, chifukwa nyengo ya mvula sola sinkakoka, ndipo kompyuta inkazima ikafuna. Koma zinakwana chimbale. Pa foni ndinadziwana ndi mnyamata wina wa ku Maputo amene ankasonkhanitsa nyimbo zoterezi n'kumaziika pa intaneti. Netiweki ya kuno inangolola kachidutswa kochepa, ka zida zokha kopanda mawu. Anayankha tsiku lomwelo, akuchita kukuwa: “Mano, achimwene, izi zachokera kuti? Chifunde? Tumizani zonse, ndi woimba yemwe!” Tinagwirizana kuti tikakolola tipite tonse ku Cassacatiza tikatumize. Anzanga ankapempha kuti ndiwaikireko imodzi m'mafoni, Rozalina ankakana. “Zidzatuluke zonse pamodzi ngati mkwatibwi. Mkwatibwi saonetsa mwendo lero, mkono mawa.” Ndiye mawu ake anali malo atatu okha padziko lonse lapansi: mu kompyuta, pa kakhadi kamodzi ka memore, ndi m'makaseti amene ndinkadutsitsamo. Zonse m'kanyumba kamodzi.

Nsadzo, chimanga chisanaume

Rozalina anayamba ndi mutu. Anati ndi dzuwa. Kenako khosi linauma, anayamba kulankhula zosamveka, ndipo pamene tinkapeza njinga yamoto yoti timuthamangitsire ku chipatala anali atasiya kale kundizindikira. Anathera panjira, atatsamira msana wanga. Za maliro sindilemba. Unalipo, unali pa msana pa agogo ako, ukusewera ndi mpango wawo.

Titameta koyamba, anthu atabalalika, ndinatsala ndi iwe. Unali utayamba kuyenda, ukudziwa timawu tochepa. Unkalira osaleka, mpaka mawu kusasa. Agogo ako anayesa, azakhali ako anayesa. Tsiku lina masana, nditasowa chochita, ndinakulowetsa m'nyumba n'kuyatsa nyimbo ija ya usathamange. Tekilado inayamba, ng'oma inalowa, kenako mayi ako. Unasiya kulira nthawi yomweyo. Unatsika pamiyendo panga, unapita pa koluna, unayang'ana kutsogolo, unazungulira kumbuyo. Kumbuyo kwake kunali kabowo. Unalowetsamo dzanja mpaka paphewa n'kunena kuti, “Mama, tuluka.” Kunja ndinamva mtsuko ukusweka. Anali agogo ako, akuchokera kumadzi, atamva mwana wawo amene anamuika m'manda akuimba m'nyumba.

Sindinaleke. Nanga ndikanatani, pamene phala unkalandira pokhapokha nyimboyo ikulira? Koma pasanapite nthawi ngakhale ikulira unayamba kukana. Unkangokhala kuseri kwa koluna, dzanja m'kabowo, kudikira. Unayamba kutentha thupi, maso analowa, mikono inatsala ngati mabango. Ndinakutengera ku chipatala ku Chifunde, anakuyeza, anati malungo, anandipatsa mankhwala. Nditabwerako ndinapeza a Sitefano atakhala pakhomo panga, opanda sipanala, chipewa chili pabondo.

“Bambo a Nelita, khalani pansi tikambe.”

“Ngati ndi za nyimbo, malume, musayambe.”

“Ndi za nyimbo.” Anadikira mpaka nditakhala. “Inu ndinu mwana wa Achewa, sindikuphunzitsani zachilendo. Pakati pa kumeta koyamba ndi kwachiwiri munthu amakhala ali paulendo, sanafike kwa makolo. N'chifukwa chake sitimutchulatchula, sitimuitana. Inu mukumuitana tsiku ndi tsiku, dzuwa lili pamutu. Akatembenuka, akupeza mwana wake akulira, dzanja lili m'bowo. Tandiuzani, ndi mayi uti angabwerere yekha?”

Ndinaimirira, ndinamenya chitseko ndi chibakera mpaka thabwa kung'aluka. “Ndi waya chabe, malume! Ndi magetsi! Inuyo ndi amene munakhoma sola padengapa! Mulibe munthu m'bokosimo!”

“Ine ndikudziwa. Mwanayo akudziwa?”

Ndinati chabwino, ndizimitsa, nditsekera zonse m'thumba mpaka tidzamete kachiwiri. Anapukusa mutu. Anati zimenezo anayesa kale kuwauza amayi akuluakulu a mbumba, akana. “Akuti tsitsi timameta, zovala timachapa, nyumba timagwetsa, zonse kuti munthu apite wathunthu. Ndiye mpweya wake weniweni tiutsekere m'bokosi? Akuti ameneyo ndi munthu womangidwa mwendo.” Ndinawatukwana, Nelita. Munthu amene anandibwereka bateriya, ndinamutchula mayina amene sindingalembe pano. Anangokhala, akuzunguza chipewa. Nditatopa anapitiriza, mawu ali pansi. “Mwanayu ndi wa mbumba yathu, mukudziwa. Mukafuna, tikusudzulani mawa, munyamule makina anu ndi mawu onse, mupite ku Maputo, palibe akugwireni dzanja. Koma mwana atsala, ndipo amayiwa sadzalola kuti mumuyandikire ndi zimenezo. Mukapereka mawuwo, mukhala pano, mulera mwana wanu, munda ndi womwewo. Zida zanu zoimbira palibe akuzifuna. Mawu okha.”

Atafika pa mtengo wa mango anabwereranso. “China. Ine ndimakonza njinga koma si chitsiru. Ndikudziwa kuti tinthu timeneti timaswana, kamodzi kamabala kena. Mutha kubisa. Sindidzakusechani m'matumba. Koma mwanayu akapita, inu nokha mudzadziwa chimene chili m'thumba mwanu.”

Kutacha ndinawauza kuti ndavomera, koma ndimvere kaye komaliza. Anakunyamula okha n'kupita nawe kudimba, kutali, kuti usamve. Anandisiya ndekha m'nyumba, dzuwa lili pamutu, bateriya yodzaza. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti anachita dala. M'foni mwanga munali kakhadi kena. Kukopera nyimbo zonsezo kukanatha madzi a tiyi asanawire. Ndinakatulutsa, ndinakalowetsa mu kompyuta. Ndinamvera nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, chala chili pa batani. Ine za mizimu sindinkazitenga kwenikweni, ndipo mankhwala a malungo unali utayamba kale kumwa. Mutu unkandiuza kuti kopera, palibe adzadziwe, mwana akadzakula adzakuthokoza. Koma pansi, kuseri kwa koluna, panali kansalu kako pamene unkakhala, ndi kambale ka phala louma losakhudzidwa. Ndinaganiza za m'mawa wina ndikukugwedeza iwe osadzuka, kakhadi kali m'thumba mwanga. Ndikanauza ndani kuti ndi waya chabe? Munthu amene ndinamenyana ndi pulofesoli, ndi a Zakariya, ndi akuchimuna a maukwati a eni, ndinaopa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Ndinakazula kopanda kanthu.

A Sitefano atabwera, ndinatsegula nyimbo imodzi imodzi, iwo ataima kumbuyo kwanga. Ndinkawaonetsa mzere wa mawu, timapiri tobiriwira tooneka pa kompyuta, n'kufufuta. Pa nyimbo ya usathamange anandigwira phewa ngati akufuna kundiletsa, kenako anachotsa dzanja n'kutulukira panja. Ndinawamva akumina. Makaseti ndi kakhadi kaja tinakulunga m'chitenje cha mayi ako n'kupereka kwa adzukulu, okumba manda aja, amene mwambo umawalola kuseka ngakhale pa maliro. Mmodzi anayeza kamtoloko m'dzanja n'kunena kuti, “Maliro opepuka chonchi sitinanyamulepo. Koma nkhuku yathu ikhale yonenepa, akamwini, tikuika woimba.” Anthu anaseka. Ine ndinawatsatira mpaka pa mphambano ya kumanda, pamene anandiuza kuti ndibwerere.

Zaka zotsatira

Unachira. Unayamba kudya, unaiwala kuseri kwa koluna, unanenepa. Agogo ako anati mwaona. A ku chipatala, nditakubwezako, anati mankhwala agwira. Aliyense anali ndi umboni wake, ndipo umboniwo unali iwe. Ine ndekha ndi amene sindikudziwa, ndipo kusadziwako kumandidya kuposa maliro enieniwo. Akanakhala kuti alipo wondiuza motsimikiza kuti ndinagula moyo wako, bwenzi ndikugona tulo. Palibe.

Mnyamata wa ku Maputo nditamuuza anati, “Pepani, mano. Koma zida zilipo, pezani woimba wina.” Ndinayesa. Ndinabweretsa atsikana a kwaya, wina wochokera ku Tete kumene. Ankakuwa, ankakometsera, ankapinda mawu ngati a pa wailesi. Ndikawauza kuti tsitsani, imbani ngati mukubisa chinthu, ankandiyang'ana ngati wamisala. Womaliza ndinamuthamangitsa sokosi ya maikolofoni ili m'manja. Mnyamata uja analeka kuyankha. Masiku ano ndimamva kuti nyimbo zofewa zija zafala, achinyamata a m'matauni akuzikonda, ngakhale pa baraka ya a Zakariya akuti zimalira masana. Ife tinali nazo kale, m'Chinyanja, m'kanyumba ka matumba a chimanga. Ndikauza anthu amati eya, a Moto, n'kumatsinzinirana.

Ndinabwerera kwa dona Marita, pakamwa pa makoluna paja. Thonje ndinasiya kuika. Sindinganene kuti ndinkafuna kugontha, koma phokoso likakhala lalikulu mutu sunkaganiza. Khutu lakumanzere linatseka pa ukwati wina ku Chifunde, ngati munthu watseka chitseko. Lakumanja litayamba nyenje, ndinayamba kusokoneza mawu pa misonkhano, kukweza pofunika kutsitsa. Dona Marita anandiitana, anandipatsa fanta, anati, “Filyu, pita ukalime.” Tsiku limenelo anali atagula chingwe chachitali. Ndinachiona chili chokulunga pa tebulo, chatsopano, cha mnyamata wolowa m'malo mwanga.

Tinameta kachiwiri, mowa unaphikidwa, anati mayi ako afika. A Sitefano anasunga mawu awo, palibe anandisudzula, ndakulera ndekha pakhomo pano. Timapatsana moni, amandikonzera njinga, koma sanaimenso pakhomo panga maso atatseka. Usawade. Ndayesa ine kuwada, zikukanika.

Ndinkadzitonthoza kuti mawuwo ali m'mutu mwanga, kumene adzukulu sangafike, ndipo ukadzakula ndidzakuimbira ngakhale agalu adzuke. Koma munthu wosadzimva saimba molunjika, ndipo nyenje ija ikudya zimene zinatsala. Mawu a nyimbo ndikuwakumbukira, ndingakulembere onse. Kamvekedwe kake ndiko kakuchoka. Ndikatseka maso ndimaona pakamwa pake pakuyenda, sokosi ili patsogolo, iwe uli kumbuyo, koma chotuluka palibe.

Zida zokha zija zilipo. Ndinadzazikopera pambuyo pake pa kakhadi kamene ndinazula kopanda kanthu tsiku lija, kali m'kachitini ka mafuta odzola, pamwamba pa khoma kumutu kwa bedi langa. Tsiku limene udzafune, tenga, sindidzakukalipira. Udzamva tekilado ikuyala nkhungu yake, ng'oma ikubwera wopanda nsapato, gitala pambuyo. Kenako zonse zidzatsika pansi n'kupatuka, monga anthu amapatukira mkwatibwi pakhomo la tchalitchi. Sipadzalowa munthu. Zidazo zidzapitirira kuyenda pang'onopang'ono, zikuperekeza malo opanda kanthu, mpaka sakisofoni ya m'tekilado idzayankhe funso limene sunalimve. Pamenepo ndi pamene panali mayi ako. Usadzandifunse ngati pamenepo ankakweza kapena ankatsitsa. Chaka chatha ndinkadziwa.